Matupa Anga Anapita ndi Alamu

Inu ana, dzana munandiseka. Musakane, iwe Tadala unachita kugwira pakamwa. Tinali pano tikusenda nandolo, tsidya lija wina akucheka mtengo ndi tcheniso, ine n'kunena kuti makina amenewo akuba mpweya, safika nawo Loweruka. Dzulo mwamva nokha kuti aima, ndiye Mphatso akubwera akuti, "Agogo, kodi mumalosera?" Mawu amenewo ndi amene ndakukhazikirani pansi. Ine sindilosera. Ndili ndi makutu, ndipo makutuwa anagwira ntchito zaka zambiri. Mawu otero musamasewere nawo, chifukwa anatsala pang'ono kundisamutsa pa Lisungwi pano, mwinanso kundiika m'manda.

Ku Blantyre kwanuko amakuuzani kuti agogo anu aamuna, a Bizaliyele, ndiwo anali mmisiri wa makina ochekera matabwa, ine ndinkangothandizira. Amayi anu amanena choncho posafuna kuputa zakale. Lero mumve kwa mwini nkhani.

Tinakwatirana ku Nsambe, kumapiri kozizira kumene inu mumakana kupita ati foni siigwira. Masiku amenewo thabwa linkachokera m'dzenje. Ankakumba dzenje loti munthu aimemo osaoneka, n'kugoneka chipika pamwamba, n'kulemba mizere ndi chingwe chonyika m'makala osinja. Wina pamwamba, wina pansi, sowo yaitali pakati pawo. Wapansiyo ankatuluka ali mbuu, utuchi mpaka m'zikope. Tsiku lathunthu, matabwa owerengeka ndi dzanja limodzi. Ine ndinkawapititsira kachewere wophika ndi kamchere, nthawi yokolola tirigu ndinkawaphikira chigumu, ndipo ndinkakhala pachitsa kudikira mbale.

Ndili pachitsapo ndinaona vuto la agogo anu. Anali munthu wamphamvu, wabwino mtima, koma wosadziwa kudikira. Ponola sowo, mano atatu ankanola bwino, pofika lachinayi mtima uli kale kumunda. Tsiku lina ndinati, "Tabweretsani tupalo, inu idyani." Anandipatsa akuseka. Atadya n'kuyambanso kucheka, mnzawo wa m'dzenje anafunsa ngati agula sowo ina. Kuyambira pamenepo tupa linakhala m'manja mwanga. Koma kwa mnzawoyo agogo anu anangoti, "Lero ndainola mofatsa." Ine ndinaseka nawo. Kuseka kumeneko ndinakulipira.

Titatsikira kuno ku Lisungwi, Esinati, mayi ako iwe Tadala, ali kusekondale, agogo anu anapeza tcheniso yakale kwa munthu wina wochokera ku Joni. Inkalira, inde, koma ikalowa m'bulugama wonenepa inkabanika ngati nkhalamba pachitunda. Ankabwera nayo kunyumba akutukwana. Ine ndinaimasula pamphasa, chidutswa chilichonse pamalo pake, n'kukhala ndikuzunguza ndi dzanja kuti ndione chimene chimachitika mkatimo. Masiku angapo ndinapsereza ndiwo.

Tamverani mmene imapumira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Chisomo, usayasamule. Injini imeneyi ilibe zitseko zapadera ngati ya galimoto. Pisitoni yomweyo, kachitsulo kokwera ndi kutsika m'silinda, ndiyo chitseko. M'khoma la silinda muli mabowo: lina lotulutsira utsi, lina lolowetsera petulo ndi mpweya, ndiponso tinjira ta m'mbali. Pansi pa pisitoni pali kachipinda kotsekeka. Amakaniko amati kirankikesi, ine ndinkangoti m'mimba. Pisitoni ikakwera, m'mimbamo mumayamwa petulo ndi mpweya. Ikamatsika imatseka polowera n'kufinya zimene zalowazo, ndiye zimathawira m'tinjira tija kukwera pamwamba pamene zimakapsa, n'kukankhira kunja utsi wotsala. Ndiye pali zinthu ziwiri. M'mimba musadonthe mpweya ngakhale pang'ono, kuti kufinyako kukhale ndi mphamvu. Ndipo bowo lililonse litseguke pa nthawi yake. La utsi liyambe, tinjira titsatire. La utsi likachedwa, makina amabanika. Likafulumira kwambiri, moto umathawa usanamalize kukankha. Zonse ndi kudziwa nthawi yotsegula pakamwa, chimene ena a inu simunachiphunzirebe.

Nthawiyo umaisintha ndi tupa. Ukapala denga la bowo la utsi, limatseguka msanga. Koma kupala kwake n'kwa tsitsi limodzi, awiri, osati kupala ngati ukupala moto. Ine poyamba sindinkadziwa. Ndinapala mokondwa, n'kumanga. Makina analira mokoma mpaka anthu anatuluka m'nyumba. Titawaika pachipika, anangoti fwee, n'kuima. Ndinali nditapha silinda, ndipo chitsulo chimene wachotsa sungachibwezere. Agogo anu anakhala masiku awiri osandiyankhula. Tsiku lachitatu anakwera minibasi, n'kubwera ndi silinda ina yakale yokulunga m'nyuzipepala. Anaiika pamphasa n'kunena kuti, "Amake Esinati, wonongani iyinso, koma muwononge pang'onopang'ono." Ndikamawakwiyira ndimakumbukiranso zimenezo.

Ulendo wotsatira ndinapita nawo ku Blantyre. Kumsika ndinaona mkulu wina wokonza njinga zamoto atamangirira kambale kachitsulo kolembedwa manambala kumutu kwa injini, akuzunguza n'kumawerenga. Ndinaima pamenepo mpaka agogo anu anandikoka nsalu. Titabwerera ndinadula katoni ya sopo mozungulira, n'kuba m'bokosi la masamu la Esinati kachipangizo kaja koyezera makona, n'kulemba mizere kuzungulira katoniyo. Sipoko ya njinga inakhala cholozera. Ndinkakhala padzuwa, kuzunguza pang'onopang'ono ndikusuzumira pabowo, ndipo kuwala kukangoti ng'ani pamwamba pa pisitoni ndinkawerenga mzere. Ndikapala kawiri katatu, ndinkatsuka, kumanga, kuyeza, kumasulanso. Inu mumati mukafunsa foni imakuuzani chilichonse. Ine ndinkafunsa chitsulo, ndipo chinkayankha mochedwa. Esinati anakwapulidwa kusukulu chifukwa cha kachipangizo kaja. Ndinamuuza zoona atakwatiwa kale.

Silinda yachiwiri inatheka. Makina athu anayamba kudya bulugama osatsamwa, ndipo ocheka anzawo anayamba kubweretsa awo. Apa m'pamene tinapangana zopusa. Mwamuna wocheka matabwa sakanapereka makina ake kwa munthu wovala chitenje. Ndiye agogo anu ankakhala kumaso pabenchi, kulandira makina, kukoka chingwe kamodzi, kugwedeza mutu, n'kunena kuti, "Siyani, mubwere Lachitatu." Munthu akangokhota, makina ankalowa kuseri kwa mpanda, kumene ndinali ine. Lachitatu likafika anthu ankati, "A Bizaliyele, muli ndi manja." Iwo ankangotsokomola. Ndinkamva ndili kuseri, zala zanga zili bii, zikhadabo zitatha. Ndinkati bola ana adye. Zaka zinapita choncho.

Kenako agogo anu anadwala. Anagwa pakhomo pompa m'mawa, mbali imodzi n'kufa, mawu n'kutsekeka. Titabwera nawo kuchokera kuchipatala ankangogona pamkeka, maso okha akuyankhula. Mng'ono wawo, a Lufeyo, anabwera kudzawaona kuchokera ku Matope, kumene ankakonza njinga ndi zina zilizonse zimene anthu alola kuti azigwire. Agogo anu atawaona anavutika, kufuna kunena kanthu. Ndi dzanja lamoyo lija analoza bokosi la zida, n'kuloza ine. Analozanso bokosi, n'kulozanso ine, misozi ikutsika. Ine ndinamva. Ankafuna kuulula, koma anali atachedwa. A Lufeyo anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Ndamva, achimwene. Bokosi ndisamala, alamunso ndiwayang'anira. Gonani."

Ndinatuluka panja kuti ndisalankhule zoti ndidzalape.

Atamwalira, tsiku londisudzula, abale awo anakhala pansi pa mango uyo kugawa katundu. Jekete, njinga, wailesi, sindinatsutse. Atatulutsa bokosi ndinati, "Pepani, izo ndi zanga."

A Lufeyo anati, "Alamu, masipanala muphikira chiyani?"

Anthu anaseka. Pamaliro, eti.

Ndinati, "Tsegulani muone matupa. Zogwirira zake ndinakulunga ndi nsanza za chitenje changa. Amene ankakonza makina pakhomo pano ndine."

Mayi wina wachikulire wa kwawo anandigwira phewa. "Chisoni chimalankhulitsa, mwanawe. Usachotsere ulemu mwamuna wako asanaole."

Tamvani mawu amenewo. Kunena zoona kunasanduka kunyoza maliro. Ankhoswe anga anayang'ana pansi. A Lufeyo anatsegula bokosi, kuwerenga zida, n'kupeza katoni yanga yozungulira ija. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kuiponyera ana kuti aziseweretsa. Bokosi anamangirira panjinga ya malemu. Ndinayang'ana matupa anga akutuluka pachipata, ena ndinachita kuwapinda ndekha pamoto kuti azifika m'tinjira.

A Lufeyo sanabwerere ku Matope. Anatsegula kashedi pafupi ndi siteji ya minibasi, n'kulemba pachikwangwani kuti mng'ono wa Bizaliyele, ntchito yomweyo, zida zomwezo. Ocheka anakhamukira kumeneko. Ine ndinkagulitsa tomato pamsika, ndipo ndinkamva makina akuyesedwa. Ankalira mokuwa, kuthamanga okha munthu atasiya kale kufinya, osafuna kukhazikika. Eni ake ankamwetulira, ati awonjezera mphamvu. Ine mtima unkandiwawa, chifukwa kulira kumeneko ndi kwa makina amene akuyamwa mpweya pamalo osayenera. Petulo amachepa, oilo amachepa, mkatimo mumatentha mpaka chitsulo kukanda chinzake. Ndinayesa kuchenjeza mmodzi. Anandiyankha kuti, "Amayi, tomato ndi zingati mulu?"

Mwezi usanathe makina anayamba kufa. Oyamba, achiwiri, achitatu. Eni ake anapita kwa a Lufeyo ali ndi ukali, ndipo munthuyo, m'malo movomera kuti ntchitoyi sakuidziwa, anapeza pothawira. Anati, "Zida izi zinamangidwa. Simunamve mmene anakanirira mayi uja tsiku losudzula? Analirira bokosi kuposa mwamuna wake."

Inu ana, kuno mawu amenewo akagwera mayi wamasiye wa imvi, si nthabwala. Pamjigo amayi anayamba kuchotsa ndowa zawo ndikafika, ati tungani msanga muzipita. Tomato wanga ankaolera pathandala. Pamaliro ena kuno kumunsi, ndikuthandiza kuphika ndi amayi a mpingo monga mwa nthawi zonse, mnzanga amene ndinkaimba naye mzere umodzi anandilanda mthiko n'kunena kuti, "Pumulani, mwatopa." Sindinatope. Ndinakhala pambali ngati mlendo. Tsiku lina masana dzuwa lili pamutu, miyala inagwa padenga langa. Esinati anabwera, iwe Tadala uli kumbuyo, akulira kuti tiyeni ku Blantyre. Ndinakana. Ndikanathawa, bodza likanakhala m'nyumba mwanga muno n'kumagona pabedi langa.

Ndiye kunabwera Waisoni. Anali wocheka matabwa, bambo wa ana asanu, ndipo makina amene ankagwiritsa ntchito anali a Che Amidu, a golosale yaikulu ija pamsika. Makinawo atafa, ntchito yake inafera pomwepo. Anaima pachipata changa m'mawa, chikwanje m'manja, maso ali psuu.

"Amayi, ana anga agona ndi njala. Masulani makina aja."

Musaganize kuti ndinali wolimba. Koma ukali unaposa mantha. Ndinati, "Ndimasula. Koma ndimasula ndi sipanala, pagulu, tsiku la msika, a Lufeyo ali pomwepo. Kauzeni eni makina."

Anatsitsa chikwanje.

Madzulo ake Che Amidu anabwera okha, n'kukhala pabenchi ya malemu. Anati khonde la golosale yawo lilipo, ndichitirepo zimene ndikufuna. Kenako anatsitsa mawu. "Amake Esinati, ine ndinkadziwa. Sandipepa munkagula ndinu, ndipo munkasankha ndi chala. Zikhadabo zanu ndinkaziona popereka chenji."

Ndinati, "Munkadziwa. Nanga miyala ikugwa padenga langa munali kuti? Makina anu munapititsiranji kwa a Lufeyo?"

Anavula kapu yawo yoyera, kuiyang'ana mkati, n'kuivalanso. "Ndinaopa kuti anthu ati chiyani," anatero. Mwa anthu onse, ndi iwo okha amene anayankhapo zoona, n'chifukwa chake mpaka lero sopo ndimagula kwa ana awo.

Tsiku la msika ndinayala chiguduli pakhonde. Masipanala ndinabwereka kwa wokonza njinga, pamodzi ndi pampu ndi chubu chakutha. Ndinali nditaboola pulagi yakale n'kulowetsamo valavu ya njinga. Anthu anadzaza mpaka pamsewu, ena atabwera kudzaona mfiti ikugwidwa. A Lufeyo anaima kutsogolo atapinda manja.

Ndinachotsa kabuleta, mosakanizikira petulo ndi mpweya, ndi chotulutsira utsi, mabowo onse awiri n'kutseka ndi zidutswa za chubu, kumanga zolimba. Ndinachotsanso zophimba za m'mbali kuti tioneke timphira timene timatseka m'mimba, pamene chitsulo chozungulira chimatulukira. Pulagi yanga ndinaimanga pamwamba, n'kupatsa Waisoni pampu. Ndinati, "Popani pang'onopang'ono, kuti asanene kuti ndi manja anga." Ine ndinasungunula sopo m'kapu n'kudontheza pakamphira kambali ina. Thovu linatukuka ngati pali nkhanu pansi. Ndinadontheza pamene silinda imakhalira. Thovu linanso.

Ndinati, "Ufiti wanga ndi umenewu. Bwerani muuone pafupi, suluma. Kamphira aka kang'ambika chifukwa wina anamenya apa ndi hamala ndi tchizulo. Apa anabwezera gasiketi yong'ambika, kapepala kotchinga mpweya, n'kupaka penti. Mpweya ukutuluka apa ndi womwe umalowa makina akamalira."

A Lufeyo anati, "Thovu ndi thovu. Sopo aliyense amachita thovu."

Ndinati, "Chabwino. Alamu, tauzani anthuwa. Pisitoni ikamatsika, pansi pake pamachitika chiyani?"

"Pansi palibe ntchito. Moto uli pamwamba. Pansi ndi pongozungulira zitsulo."

Ocheka ena achikulire anayang'anana. Sanadziwe yankho lonse, koma anaona kuti funsolo lawapeza.

Ndinamasula silinda n'kuikweza padzuwa kuti aliyense asuzumire. Inu ana, ndinafuna kulira. Bowo la utsi analikweza ngati kunenepa kwa kamtengo ka machesi, n'kulikuza m'mbali mpaka ngati khomo la khola. M'mphepete mwake anasiya mwakuthwa, osasalaza, moti ring'i, kamkombero kachitsulo kozungulira pisitoni, inkakodwa pamenepo mpaka inathyoka. Bowo lolowera analikumba pansi, ndiye pisitoni inkachedwa kulitseka, petulo n'kumalavulidwa kubwerera kukabuleta m'malo mofinyidwa. Tinjira anatikumba ngati akufukula mbewa, kuganiza kuti kukula ndiye mphamvu. M'mimba mukakula choncho kufinya kumafooka, ngati kupopa tayala ndi pampu yotha chikopa. Ndinafotokoza chimodzichimodzi, ndikuloza ndi kamtengo. Pisitoni ndinaipereka m'manja mwa anthu kuti iyende, aone mbali ya utsi mmene inakandikira.

Ndipo pachitsulopo ndinaona mizere ya tupa langa lopinda lija. Ndinalidziwa, linali ndi dzino limodzi lolumpha. Ndi tupa langa anachita zimenezi.

Waisoni anatembenukira a Lufeyo, ndipo ndinaona kuti chikwanje chija chikufuna kuloza munthu wina. Ndinati, "Ayi. Ine sindinabwere kudzapereka munthu wina kuti amenyedwe m'malo mwanga. Ndipezereni silinda ndi pisitoni, ngakhale zakale, ndi timphira tatsopano." A Lufeyo anali atazemba kale kudzera kuseri kwa golosale.

Che Amidu anaitanitsa zitsulozo ku Blantyre, n'kundipatsa matupa awiri a m'shopu. Ndinadula katoni ina. Masiku atatu ndinagwira ntchito pakhonde lomwelo, poyera, aliyense akuona. Sindinafunenso mpanda. Ndinakweza bowo la utsi pang'ono chabe, kusalaza m'mphepete mpaka chala chizitsetsereka, tinjira ndinangochotsa zokhakhala. Nditamanga ndinapopanso, kudontheza sopo, thovu osaoneka. Anagubuduza chipika cha bulugama chonenepa ngati mgolo. Waisoni anakoka chingwe kawiri. Makina anadzuka n'kukhazikika, akuguguda pansipansi. Wina kumbuyo anati, "Aa, ofooka awa, sakulira ngati a Lufeyo." Waisoni anaika pachipika n'kutsamira ndi thupi lonse. Mawu a makina sanasinthe mpaka chidutswa chinagwa. Anadulanso china, n'kudulanso, akuseka yekha ngati wapenga.

Mukuganiza kuti anthu anapepesa? Palibe. Miyala inaleka, ndowa zinabwerera pamjigo, mnzanga uja anandipatsa mthiko pamaliro otsatira ngati palibe chinachitika. Ndipo nkhani inatembenuka mwa mtundu wina. Ena anati, "Mayiyu anali ndi maso, ankaonera mwamuna wake." Ena anati mzimu wa a Bizaliyele ndi umene ukundigwira dzanja. Anthu analolera kukhulupirira kuti munthu wakufa akupala chitsulo, kusiyana n'kuvomera kuti ndi mayi wamoyo amene akumuona ndi maso. Makina ankabweretsa, inde. Ankafika pachipata n'kufunsa kuti, "Kodi ndi pano kwa malemu Bizaliyele?" Ndinkayankha kuti malemu ali kumanda, pano pali ine.

Ndinagwira ntchitoyo mpaka maso atayamba kuchita chifunga, ndipo sukulu ya amalume anu inatha ndi matupa awiri aja. Sindinganame, pali china chimene chimandiluma. Mukayang'ana mapiri awo mmene ametedwera, ine ndili ndi gawo langa. Tili ana, mlombwa ndi mbawa zinkaphimba mitsinje, ndipo sowo ya m'dzenje inkapatsa mtengo nthawi yoti mnzake akule. Makina amene ndinkawapatsa mphamvu sankadikira. Pambuyo pake ndinayamba kufunsa kuti mukukacheka chiyani, ndipo a mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ndinkawabweza. Koma ndinayamba mochedwa. Zimenezo sindikankhira a Lufeyo, ndi zanga.

Za bokosi lija, ndinatumiza ankhoswe kawiri. Yankho linali lakuti zida zinagawidwa mwamwambo, nkhani inatha. Ndinamva kuti zina anagulitsa, zina zinachita dzimbiri ku Matope, kumene anabwerera shedi itagwa.

Patapita zaka, mkazi wa a Lufeyo anafika pano atasenza thumba. Ndi mayi wofatsa, ndilibe naye mlandu. Anati makinawa ndi a munthu wina wa kwawo amene sakufuna kutchulidwa. Nditamasula ndinangoona kapalidwe kake n'kudziwa. Ndinati, "Pitani mukamuuze mwini wakeyo kuti abwere yekha. Alowere pachipata, masana."

Anatha milungu iwiri. Kenako a Lufeyo anabwera, atakalamba, ndodo m'manja, jekete ya malemu ili pathupi itatha m'zigongono. Ndinawapatsa mpando ndi madzi. Anafotokoza kuti makinawo anagula kuti azibwereketsa, ndiwo akanawadyetsa paukalamba, ndiye anangowakhudza pang'ono. Ndinawamvera chisoni, ndisaname. Ulendo uno sanawononge kwambiri, silinda ikanapulumuka. Zitsulo zonse ndinali nditatsuka kale, zili m'beseni langa latsopano la buluu, ndipo mumtima ndinali nditagamula kuti ndiwakonzera ulere, chifukwa ndi magazi a amayi anu. Ndinkangodikira mawu amodzi. Sindinkafuna kuti agwade. Akanangoti alamu, ntchito ija inali yanu, basi.

Anayang'ana zitsulo zoyera zija, kuyang'ana katoni yanga pakhoma, n'kupumira m'mwamba. Anati, "Komatu alamu, achimwene anakuphunzitsani bwino."

Ndinadzuka. Ndinatola tizitsulo totsala pamphasa, mabawuti, timphira, chingwe chokokera, n'kuthira zonse m'beseni muja. Ndinanyamula n'kuwaika pamiyendo.

Ndinati, "Apititsireni achimwene anuwo. Manda mukuwadziwa, ndi achitatu kuchokera pamtengo wa mthethe. Mukawapeza otanganidwa, musiye, mukatenge Lachitatu."

Anatola ndodo yawo. Kenako anasenza beseni n'kutuluka, zitsulo zikulira mpaka pamsewu.

Abusa anabwera mlungu womwewo kudzandiuza za kukhululuka. Ndinawalandira bwino, ndinawaphera nkhuku, ndipo ndinawauza kuti ndikuganizirabe. Mpaka lero ndikuganizira. A Lufeyo ali moyo, Chisomo, usandiyang'ane choncho, ndi agogo ako ndipo ukakumana nawo uwapatse moni mwaulemu, ugwade ndithu. Ukatha moniyo uwafunse za beseni langa. Linali latsopano, ndipo sanabweze.